Masiku 6 a agogo m'chipinda cha odwala mwakayakaya

Agogo anga aakazi, a zaka 91, anagonekedwa ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, pachipatala china cholipira muno mu Lilongwe. Chinali chibayo. Tinachoka nawo ku Kawale usiku akubanika, ndipo kachipangizo kopana chala kaja kanaonetsa kuti mpweya m'magazi watsika kufika pa 82, pamene kwa munthu wabwinobwino umakhala 95 kupita m'mwamba.

Anamwino ndiwayamikire. Ankawatembenuza maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda za pamsana, phala ankawapatsira m'kapaipi kodzera m'mphuno, ndipo powalankhula ankati "agogo", osati "bedi 3". Adokotala anatikhazika pansi ine ndi amalume n'kutiuza mosabisa kuti pamsinkhu umenewu munthu akaikidwa pa makina opumira, kumuchotsapo kumavuta chifukwa mapapo ndi minofu yopumira zimakhala zitafooka kale. Amalume poyamba anakalipa, ati tikuwataya mayi awo. Kenako tinagwirizana kuti akhale pa okosijeni ndi mankhwala a m'diripi basi.

Chondiwawa ndi bilu. Dipoziti ankaifuna tisanalowe n'komwe, ndipo tsiku lililonse pepala linkabwera ndi zinthu zosafotokozedwa, mpaka magolovesi. Nthawi yoona odwala inalinso yochepa, kulowa mmodzimmodzi, moti azakhali ochokera ku Mitundu anangoswera pabenchi panja, nsima yawo ikuzizira m'kontena.

Magetsi anazima kawiri, koma jenereta inkayaka pompopompo. Agogo anatuluka Lachisanu. Pano akudya okha, kuyenda ndiye sanayambe.