Dzala lomwe tinakwirira ndi dongo lija, patha mvula ziwiri

Mlamu wanga wa ku Luchenza anandiimbira sabata yatha kufunsa ngati nayenso akwirire dzala lake monga tinachitira ife. Ndinayankha mothamanga kuti inde. Madzulo omwewo kontirakitala yemwe anatikwiririra dzala lathu anatumiza mtengo wokonzera ntchito yake yomwe, ndiye alamu, yankho lenileni ndi ili.

Tili ndi malo odyera pafupi ndi Chitakale ku Mulanje, ndipo kuseri kunali dzenje la zinyalala la zaka zambiri. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, madzi akuda onunkha anayamba kutuluka kumunsi kwa dzenjelo akulunjika kuchitsime. Mu Seputembala tinalitseka. Pamwamba pa zinyalalazo kontirakitala anatsendera dongo lonyowetsa, mosanjikiza katatu, kuti mvula isalowe. Pamwamba pake mchenga ndi timiyala toti madzi azitsetserekera m'mbali, kenako dothi lachonde ndi kapinga. Zonse anaziumba motumphuka ngati mzere wa mbatata.

Fungo linatha, ntchentche ndi makoswe zinachepa, agalu anasiya kufukula. Kapinga anagwira msanga, pajatu kuno chiperoni sichilola udzu kuuma. Mvula yoyamba yonse kumunsi kuja kunali gwa, ndipo ndinkayamikira ntchitoyo kwa aliyense.

Chimene sanatiuze n'chakuti zinyalala zikamawola pansipo zimaphwa. Zathu zambiri zinali makoko a nthochi ndi nanazi, zotsala za kukhitchini ndi makatoni. Pofika Ogasiti 2024, pakati pa mulu panali patatitimira ngati mbale. Dzuwa la Okutobala litafika panaoneka ming'alu, ina yolowa chala, chifukwa dothi la pamwamba analiika lopyapyala ndipo dongo likauma limang'ambika. Mvula itabwera, madzi anasiya kutsika m'mbali, anayamba kudikha pompo. Mmawa wina mu Januwale ndinapeza chithaphwi chofika m'kakolo, pofika masana chaphwa chonse. Mtima unandipweteka, chifukwa ndinadziwa komwe madziwo apita. Patatha masiku ochepa madzi akuda aja anaonekanso, ochepa ndithu, koma fungo lake ndi lomwe lija. Amene mumadziwa mvula ya m'munsi mwa phiri la Mulanje mukumvetsa kuti kuno kabowo kakang'ono sikocheperako.

Ndinaimbira kontirakitala kanayi. Atabwera anati mlandu ndi wa mbande za mapeyala zomwe zinamera zokha pamulupo, kuti mizu yake yaboola dongo. Pamenepo ananena zoona, ndipo ndinazizula tsiku lomwelo. Koma mbande sizititimiza mulu. Akanatsendera kaye zinyalalazo ndi kukweza pakati mokwanira, bwenzi lero tikunena zina. Pepala lomwe tinasainirana silikunena kanthu za kubwereranso, ndipo iye akuti chitsikireni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023, lole ya mchenga ndi mafuta zakwera. Mtengo womwe watumiza waposa theka la zonse zomwe ndinalipira poyamba.

Njirayi sindikuitaya, chitsime chathu chinapuma nayo chaka chathunthu. Koma alamu, musapereke ndalama zonse pakamodzi. Sungani gawo mpaka mvula yoyamba idutse, ndipo mulembetse kuti pakatitimira adzadzazanso yekha. Ine ndapeza anyamata atatu ndi wilibala, dongo tikumba kudambo Loweruka likubwerali. Kontirakitalayo sindinamuyankhebe.