Sefa ya maimelo imene imamva kutukwana pamene palibe amene watukwana

Timapikulitsa zitenje ku Kamwala, kuno ku Lusaka, ndipo makasitomala athu ambiri ali ku Chipata, Katete ndi Petauke, komwe amatilembera m'Chinyanja. Miyezi inayi yapitayo tinalipira pulogalamu yosefa maimelo kuti makalata otsatsa zolaula asamafike pa kompyuta ya mu ofesi. Ntchito imeneyo yaigwira bwino, ndipo kuiika sikunavute.

Vuto lake ndi lakuti siiwerenga mawu athunthu, imangosaka zilembo zotsatizana zimene m'Chingerezi ndi zolaula. Choncho "anali", "analipira" ndi "analandira" imawatsekereza chifukwa cha zilembo zinayi zoyambirira, "titumizireni" chifukwa cha zitatu, ndipo mnzathu wolemba Chibemba akangoti "ukushita", kutanthauza kugula, kalata yake siifika. Tangoganizani, pa malo a malonda!

Choipitsitsa n'chakuti imayankha yokha. Mayi ena achikulire a ku Katete, amene agula kwa ife kwa zaka zambiri, analemba kuti mwana wawo analipira kale ndalama za mabelo awiri, ndipo chimene analandira ndi uthenga wakuti kalata yawo yakanidwa popeza muli mawu otukwana. Anandiimbira foni mawu akunjenjemera, kufunsa kuti atukwana yani, pamene katundu wawo anali atakhala sabata yathunthu osakwezedwa basi pa siteshoni ya mabasi ya Intercity. Sabata yomweyo munthu wina wangongole anatitukwanira makolo m'Chinyanja chomveka bwino, koma kalata yake inadutsa osakhudzidwa.

Chondikwiyitsa n'chakuti vutoli ndi lakale. Mu 1996 sefa ya AOL, kampani ya intaneti ya ku America, inakaniza anthu a m'tauni ya Scunthorpe ku England kutsegula maakaunti chifukwa cha zilembo za m'kati mwa dzina la tauni yawo, ndipo mu 2003 sefa ya ku Nyumba ya Malamulo ya Britain inatsekereza maimelo okamba za bilu ya milandu yokhudza kugonana imene aphungu ankakambirana.

Nditadandaula, ogulitsa anandiuza mwaulemu kuti ndilembe mawu osalakwawo m'ndandanda wa mawu ololedwa, limodzilimodzi. Iwo sadziwa kuti mneni aliyense woyamba ndi "l" akagwirizana ndi "ana-" amagwa mumsampha womwewo: analemba, analowa, analonjeza, mpaka dzuwa kulowa. Ndazimitsa mayankho odzitumiza okha aja, ndipo m'mawa uliwonse ndimawerenga ndekha makalata onse amene yatsekereza. Ndikuipatsa nyenyezi ziwiri mwa zisanu, ndipo chaka chikatha sitidzalipiranso.