Math-U-See: musasankhe buku poyang'ana zaka za mwana

Mabuku a masamu a Math-U-See, ochokera ku America, sayendera kalasi. Lililonse limakhazikika pa luso limodzi: Alpha ndi Beta kuphatikiza ndi kuchotsera, Gamma kuchulukitsa, Delta kugawa, Epsilon mafulakishoni. Dongosolo limeneli ndi labwino kwambiri, koma m'pamenenso makolo ophunzitsa ana pakhomo amapunthwa. Mwana wa zaka 10 akamawerengabe zala kuti apeze 7 x 8, mu Delta adzathedwa nzeru, poti kugawa kumatsamira pa kuchulukitsa. Muyambitseni Gamma ngakhale adandaule kuti ndi la ana aang'ono. Mayeso oyezera poyambira ali pa webusaiti yawo, aulere. Alembe yekha, osamunong'oneza. Timabuloko tawo ta pulasitiki, tothandiza mwana kuwerengera, timakwezadi mtengo, koma popanda timeneti maphunziro awo a pa vidiyo, oyendera limodzi ndi mabukuwa, samveka bwino.