Makina a khofi okhala ndi fulasiki ku ofesi: nyenyezi zinayi pa zisanu

Makina amene ndikuwalembera ndemangawa ndi aja a sefa ya pepala. Mumathira madzi ozizira m'thanki ya kumbuyo, mumayala pepala m'kadengu ka pamwamba n'kuthiramo ufa wa khofi, kenako mumadina batani. Madzi amatenthedwa mkati, amakwera n'kumadonthera pa ufawo, ndipo khofi amagwera m'fulasiki ya chitsulo yomwe imakhala pansi pake. Tinawagulira ofesi ya anthu oposa khumi pang'ono, pamodzi ndi kachigayo ka magetsi koperera njere za khofi, ndipo tinagwirizananso ndi ogulitsa ena kuti azitibweretsera njere zokazinga kale mwezi uliwonse. Makina ndikuwapatsa nyenyezi zinayi, chigayo zinayinso, ogulitsa njere zitatu basi.

Chimene chinatikopa ndi fulasikiyo, ndipo mpaka lero ndi chifukwa chake ndingauze munthu kuti agule makina a mtundu umenewu. Akale amene tinali nawo anali ndi jagi ya galasi yokhala pa kambale kotentha. Khofi wa 8 koloko ankakoma ndithu, koma amene wachedwa ku msonkhano n'kutulukira cha m'ma 10 ankapeza chinthu chakuda bii, chowawa, chonunkha kupserera. Sikuti makinawo anali atawonongeka ayi. Khofi akakhalitsa pamoto amapitiriza kuphikika: madzi amasanduka nthunzi, fungo labwino limapita nayo limodzi, ndipo asidi ena a m'khofimo amaphwanyika n'kusiya kuwawa kosakoma pa lilime. Anthu ankangowonjezera shuga ndi mkaka kuti amezeke. Fulasiki ilibe moto pansi. Ili ndi makoma awiri a chitsulo ndipo pakati pake anachotsapo mpweya, choncho kutentha kumatuluka pang'onopang'ono popanda kupsereza kanthu. Mukaitsukuluza ndi madzi otentha a m'ketulo musanayambe kuphika, khofi amafika nthawi ya nkhomaliro akadali womweka. Mukapanda kutero, chitsulo chozizira chimaba kutentha koyambako ndipo pofika 11 koloko amakhala wofunda chabe.

Pabokosi analemba kuti makapu 10. Musanyengedwe nazo. Thanki imatenga malita 1.25, kutanthauza kuti kapu imene akuwerengera ndi ya mamililita 125, pomwe makapu a ku ofesi, aja okhala ndi chigwiriro chachikulu, amalowa mamililita 250 mpaka 300. Ulendo umodzi umakwanira anthu anayi kapena asanu. Ife timaphika kawiri m'mawa motsatizana, ndipo zikanatheka tikanagula fulasiki yachiwiri kuti ina izidzaza ina ikuthiridwa.

Pa kaphikidwe kenikeni ndilibe chodandaula. Bungwe la Specialty Coffee Association, lomwe limayesa makina otere, limafuna kuti madzi azifika pa ufa ali otentha pakati pa madigiri 92 ndi 96 a Celsius, ndiponso kuti akhudzane ndi ufawo kwa mphindi zinayi mpaka zisanu ndi zitatu. Makina ambiri otchipa amalephera pa kutenthako: madzi amayamba kudontha asanatenthe mokwanira, khofi n'kutuluka wowawasa komanso wopanda mphamvu, anthu n'kumaimba mlandu njere. Mnzathu wina wokonda kuyeza chilichonse anabwera ndi choyezera kutentha cha kukhitchini, ndipo anapeza kuti madzi a makinawa amapitirira madigiri 90 pafupifupi kuyambira poyamba. Thanki yodzaza imatha m'mphindi zisanu ndi imodzi kapena kupitirira pang'ono. Madzi amatulukira pa timabowo tingapo m'malo mwa bowo limodzi, choncho ufa wonse umanyowa, osati wa pakati pokha.

Komabe makina abwino pawokha sapanga khofi wabwino mu ofesi mmene aliyense ali ndi dzanja lakelake. Masabata oyambirira khofi ankasintha tsiku ndi tsiku malinga ndi amene wafika msanga. Wina amathira supuni zosefukira, wina amaumira ngati akutapa za kunyumba kwake. Tinathetsa mkanganowo ndi kasikelo ka kukhitchini ndi kapepala komata pakhoma: magalamu 60 pa lita imodzi ya madzi, ndiye kuti magalamu 75 pa thanki yodzaza. Bungwe ndatchula lija limayambira pa magalamu 55 pa lita, koma ambiri kwathu amathira mkaka, ndiye tinakweza pang'ono. Supuni imanama chifukwa njere zokazingidwa kwambiri zimafufuma n'kupepuka, moti supuni yodzaza ya khofi wakuda kwambiri imalemera mocheperapo kuyerekeza ndi ya khofi wokazingidwa pang'ono. Opanga makinawa anaikamo kasupuni ka pulasitiki m'bokosi. Akanaikamo sikelo bwenzi ndikuwayamika kwambiri.

Chigayo ndi chomwe chinasintha kakomedwe kuposa china chilichonse. Pali mitundu iwiri imene anthu amasokoneza pogula. Wina uli ndi kampeni kozungulira kamene kamangodula njere mwachisawawa, zina n'kusanduka fumbi zina n'kutsala zibenthu. Fumbi limatulutsa kuwawa, zibenthu zimatulutsa kuwawasa, ndipo zonsezo mumazimwera m'kapu imodzi. Mtundu umene tinagula uli ndi mano awiri a chitsulo amene amaphwanya njere pakati pawo, ndipo mpata wa manowo mumausintha ndi kogudubuza. Pa sefa ya pepala ufa uzikhala ngati mchenga wa kumtsinje, wosalala pang'ono koma woti muumve m'zala. Ukasalala kwambiri madzi amachedwa kudutsa ndipo kadengu kamasefukira. Ukakhala wa miyalamiyala madzi amangothamanga, khofi n'kukhala zii.

Nyenyezi imodzi ndachichotsera chigayochi chifukwa cha phokoso. Chimalira masekondi ochepa okha, koma ngati khitchini ili pafupi ndi madesiki, amene ali pa foni amakuyang'anani ndi diso lofiira. Chinanso, ufa umamatirira m'kabokosi kake n'kumwazikira pa tebulo mukamatsegula. Kunyowetsa chigwiriro cha supuni ndi kadontho ka madzi n'kutakasa njere musanapere kumachepetsa vutoli kwambiri. Kadontho kamodzi, osati kuzinyika.

Tsopano chivindikiro cha fulasiki, chomwe chadyera makinawa nyenyezi yachisanu. Kuti muthire khofi mumapanikiza kabatani ka pa chivindikiro ndi chala chachikulu. Fulasiki ikadzaza, khofi amatuluka bwinobwino. Ikafika pakati amayamba kutsetsereka m'mbali n'kudonthera pa tebulo, ndipo wotsala pansi penipeni satuluka n'komwe pokhapokha mutatsegula chivindikiro chonse n'kuizondotsa. Mkati mwa chivindikiromo muli tinjira timene burashi sifikamo, pomwe khofi ali ndi mafuta amene amakanirira n'kuyamba kununkha akakhalitsa. Kukamwa kwa fulasiki nakonso n'kopapatiza, dzanja la munthu wamkulu silingalowe. Timaiviika m'madzi otentha osungunuliramo soda wophikira Lachisanu lililonse, chivindikiro padera, ndipo pakatha mphindi makumi atatu zakuda zimachoka zokha. Zimagwira ntchito, koma chinthu chogulidwa kuti chizitumikira anthu ambiri chinayenera kukhala chosavuta kutsuka.

Apa ndi pamene nkhani ya khofi ku ntchito imasiyana ndi ya kunyumba. Kumwa aliyense amafuna, koma kutaya pepala lonyowa anthu amakankhirana. Likagona m'kadengu kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba mumalipeza litachita nkhungu. Amayi amene amatikonzera mu ofesi anatiuza mosapita m'mbali kuti iwo adzatsuka makapu, koma makina sawagwira, ndipo sanalakwitse. Tinaika lamulo loti amene waphika ndiye ataye pepala, amene wathira kapu yomaliza ndiye atsukuluze fulasiki. Gawo lachiwirili lili ndi anthu ake ochenjera amene amasiya kadontho pansi kuti asakhale omaliza. Amenewo palibe makina angawathe.

Chinthu china chimene makinawa alibe ndi nyali yochenjeza kuti mkati mwachita miyala. Madzi a pampopi m'malo ambiri amakhala ndi kashiamu, ndipo akamatenthedwa amasiya zoyera zolimba m'mapaipi. Mumazindikira chifukwa makina amayamba kuchedwa, kukhosomola ndi kutulutsa nthunzi yambiri kuposa madzi. Timasungunula ufa wa citric acid, asidi wopezekanso m'mandimu, m'thanki, n'kuyendetsa makina opanda khofi, kenako n'kuyendetsanso kawiri ndi madzi okhaokha. Ena amagwiritsa ntchito viniga, koma fungo lake limachedwa kutha ndipo timabuku ta makina ena timaletsa, ndiye yambani mwawerenga kanu.

Sikuti onse anakondwera ndi sefa ya pepala. Achikulire ena a ku dipatimenti ya zachuma amakondabe French press yawo, jagi yoviikamo ufa wa khofi m'madzi otentha n'kuukanikizira pansi ndi sefa ya chitsulo, ndipo amati pepala limaba thupi la khofi. Akunena zoona: pepala limagwira mafuta ndi fumbi, n'chifukwa chake khofi wake amakhala woyera m'kapu, wopanda matope pansi. Ndi chimene Melitta Bentz, mayi wa ku Dresden ku Germany amene anayambitsa sefa ya pepala, ankafuna pamene anaboola kampoto ka mkuwa n'kuyalamo pepala loumitsira inki la mwana wake mu 1908. Koma m'mafuta ogwidwawo mulinso chinthu chotchedwa cafestol, chomwe chimakweza kolesitelo wa m'magazi kwa anthu omwa khofi wosasefedwa wambiri tsiku ndi tsiku. Kwa ofesi imene ena amamwa makapu angapo patsiku, ine ndimaona kuti pepala likutichitira zabwino. Makina a timakapusozi ta khofi totsekeratu tinawaganiziranso. Ndi aukhondo ndipo sayambanitsa anthu, koma kapu iliyonse imalowa m'thumba kwambiri ndipo zinyalala zake zimachuluka. Mapepala a sefa yathu ndi a saizi ya nambala 4, opezeka mosavuta, ndipo mukawanyowetsa ndi madzi otentha musanathire ufa fungo la pepala silimveka.

Ogulitsa njere ndawapatsa nyenyezi zitatu chifukwa katundu wawo ndi wabwino koma kayendetsedwe kawo n'kokhumudwitsa. Pa paketi amalemba tsiku limene anakazinga, osati tsiku lothera ntchito lokha, ndipo paketiyo ili ndi kabowo kotulutsa mpweya umene njere zimapuma zikangokazingidwa koma kosalowetsa wa kunja. Zimenezi ndi zizindikiro za anthu odziwa ntchito yawo. Vuto ndi lakuti poyamba ankatitumizira njere zokazingidwa mpaka kutuluka mafuta, zomwe zinkamata mano a chigayo. Tinapempha zokazingidwa mwapakati, koma panadutsa nthawi asanasinthe, ndipo imelo amayankha akafuna. Tsiku lobweretsa nalonso silidziwika; pena amafika tikadali ndi paketi yathunthu, pena titagwira kale botolo la khofi wosungunula. Funsaninso ngati akukupatsani khofi wa mtundu wa arabica yekha kapena wosakaniza ndi wa mtundu wa robusta, chifukwa robusta ali ndi kafeini pafupifupi kuwirikiza kawiri ndipo amawawa kwambiri. Njerezo muzisunge m'chitini chotseka bwino, kutali ndi dzuwa. Musaziike m'firiji ya ku ofesi, zimayamwa chinyezi ndi fungo la chilichonse chimene anzanu asungamo.

Chimene sitinachiyembekezere n'chakuti khofi akamakoma ndiponso akamapezeka wotentha nthawi ina iliyonse, anthu amamwa wambiri. Bungwe la European Food Safety Authority, loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, linanena mu 2015 kuti mamiligalamu 400 a kafeini patsiku sakhala vuto kwa munthu wamkulu wathanzi, ndipo kwa amayi oyembekezera malire ndi 200. Kapu ya mamililita 200 ya khofi wosefedwa imakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 90, ndiye makapu athu akuluakulu aja atatu afika kale pafupi ndi malire. Thupi limatenga maola pafupifupi asanu kuti lichotse theka la kafeini, choncho wa 4 koloko madzulo mumakagona naye. Kwathu ulendo womaliza timaphika ikangokwana 2 koloko, ndipo timaphika theka la thanki.

Ngati ku ntchito kwanu anthu amafuna espresso, khofi wamphamvu wa m'kakapu kakang'ono, kapena cappuccino wa mkaka wa thovu, makinawa si anu. Ngati mukufuna khofi wakuda wokwanira anthu angapo nthawi imodzi, gulani, koma musanalipire pemphani kuti muthire madzi m'fulasiki mpaka pakati muone mmene chivindikiro chikuthirira. Funsaninso ngati chivindikiro, kadengu ndi fulasiki zimagulitsidwa pazokha, chifukwa m'manja mwa anthu khumi ndi zimenezo zimayamba kutha makina akadali amoyo.