Wosoka nsapato wa pafupi ndi depoti: ntchito yake imakhalitsa, koma musamufulumizitse

Mvula ya kuno ku Mzuzu imachedwa kusiya, Epulo yense imakhala ikugwa, ndipo matope a ku Chiputula sachitira chisoni nsapato zomata ndi guluu yekha. Kugula zina si nkhani yamasewera. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nsapato zachikopa zinakwera mtengo ngakhale pakaunjika. Ndiye zanga zakuntchito zitayasama kutsogolo ndinapita nazo kwa bambo wina wachikulire amene amasoka pakhonde la sitolo, pakati pa depoti ya mabasi ndi msika waukulu.

Bamboyu sayamba ndi mtengo. Anatembenuza nsapato, nakanikiza chikopa ndi chala, kenako anandifunsa kuti, "Achimwene, mukufuna zongofikira kunyumba kapena zoti zikhalitse?" Mitengo yake ndi iwiri, ndipo amanena poyera. Ndinasankha zokhalitsa.

Anachotsa soli yonse, napala guluu wakale mpaka chikopa chinayera. Guluu watsopano anapaka mbali zonse ziwiri n'kusiya kaye kuti achite nembenembe asanaphatikize, pomwe ena amamata nthawi yomweyo. Chomwe chinandigwira mtima ndi kasokedwe. Amayamba walemba kangalande ndi mpeni kuzungulira soli, kuti ulusi ulowe mkati usamakhule pansi. Ulusi wake ndi wanayiloni, amaupaka phula kuti usamwe madzi. Kuchidendene anaika chidutswa cha tayala lagalimoto. Kunena zoona nsapato zinalemerako, ndipo ukaziyang'ana chapafupi umadziwa kuti zinapita kuchipatala. Koma dzinja lathali ndayenda nazo mpaka ku Luwinga osalowa madzi.

Anandikalipirako pang'ono ataona kuti chikopa chinang'aluka. Akuti nsapato zonyowa saumitsa pambaula, amaika nyuzipepala mkati n'kuzisiya pamthunzi, zikauma n'kupaka polishi.

Vuto lake ndi nthawi. "Mubwere mawa" wake amatha kufika Loweruka, ndipo lisiti kulibe, amangolemba dzina ndi choko kunsi kwa nsapato. Mvula ikalimba amalongedza n'kuweruka. Ngati muli ndi ukwati kumapeto kwa sabata, pitani nazo Lolemba. Nsapato zapulasitiki amakana, akuti ulusi umangozing'amba. Ndalama amalandira zapamanja zokha, za Mpamba kapena Airtel Money musavutike kufunsa.