Botolo la testosterone booster latha, mkono uli pomwepo

Nyenyezi ndikupereka ziwiri pa zisanu. Ndamwa mpaka botolo kutha, aja makapisozi oti amakweza testosterone, homoni yachimuna ija, osakaniza D-aspartic acid, tribulus, fenugreek, zinc, magnesium ndi vitamini D, pa lebulo ati minofu ifufuma msanga, mphamvu zichuluka, ngakhale zakuchipinda ati zisintha.

Zitsulo ndimanyamula kale ndipo pulogalamu ya ku jimu sindinasinthe, kadyedwe komweko, dala kuti ndione ngati mapilisiwo paokha angachite kanthu. Bench press, kukankha chitsulo utagona chagada pa benchi, yakwera pang'ono eya koma ndi mmene imakwerera kale ndisanagule, sikelo sinasunthe, tepi ndikayeza pa mkono yangoti njoo pomwe inali.

Chomwe chinabwera mosakaika ndi fungo. Fenugreek imatulukira mu thukuta ndi mkodzo, kafungo kenakake kotsekemera, malaya a ku jimu ngakhale uchape kamatsalirabe. Zinc nayenso ukamwa mmimba muli pululu amakupatsa nseru, muzidya kaye abale. Tulo ndiye ndimagona bwinoko, ndikuganiza ndi magnesium, nyenyezi yachiwiriyo yachokera pamenepo.

Chondinyansa kwambiri ndi chakuti zinthu zambiri aziunjika pansi pa mawu oti proprietary blend, amangolemba kulemera kwa zonse pamodzi osakuuza kuti chilichonse muli mamiligalamu angati, ndiye ungadziwe bwanji ngati D-aspartic acid akufika magalamu 3 omwe amagwiritsa ntchito pa kafukufuku? Ndipo ngakhale afike, atamuyesa pa amuna onyamula zitsulo kale testosterone sinakwere. Tribulus chimodzimodzi, mbiri yambiri koma pa amuna athanzi sanapeze kuti imakweza kalikonse. Zinc ndi vitamini D zimathandiza munthu amene zikumuperewera mthupi, ngati uli nazo zokwanira ukungowonjezera zopanda ntchito, komanso zinc wopitirira 40 mg pa tsiku kwa nthawi yaitali amasokoneza mchere wa kopa (copper) mthupi.

Ngati mukudzimva ofooka, chilakolako chatsika, kayezetseni magazi mmawa chifukwa ndi nthawi imene testosterone imakhala pamwamba, mwa amuna akuluakulu imakhala cha pakati pa 300 ndi 1000 ng/dL. Ikatsika zenizeni ndi nkhani ya dokotala imeneyo. Pa kafukufuku wa ku Chicago amene anatuluka mu 2011, anyamata athanzi anawagoneka maola 5 okha usiku kwa sabata imodzi, testosterone yawo inatsika ndi 10 mpaka 15 peresenti, ndiye wina akugona 2 koloko ali pa foni kenako nkumadalira kapisozi, aaa.

Ochita mipikisano samalani, ena mwa mabusta amenewa anapezekapo ndi ma steroid osalembedwa pa lebulo, WADA, bungwe lolimbana ndi mankhwala oletsedwa pa masewera, ikakupeza nawo mlandu ndi wako ndipo chiwindi chimavutikanso. Ine sindigulanso, ndabwerera ku creatine monohydrate magalamu 5 pa tsiku ndi puloteni yokwanira, cha mma 1.6 g pa kilo iliyonse ya thupi.