Kupita ku Lisboa kuchokera ku Ulongue: kudzera ku Maputo kapena ku Lilongwe?

Chibwerere kwa mwana wanga amene akuphunzira ku Lisboa, anzanga a pamsika sakundipatsa mpata ndi funso limeneli. Njira zonse ziwiri ndayendamo, choncho ndiyankhe kamodzi.

Ndege itati inyamuke pa Chingozi, bwalo la ndege la ku Tete, n'kulunjika Lisboa, ungakhale mtunda wa makilomita pafupifupi 7,500. Koma ndege yotero kulibe. Ukadzera ku Maputo umayamba wabwerera kummwera makilomita pafupifupi 1,100, kenako n'kukwera ya TAP, kampani ya ndege ya ku Portugal, makilomita 8,400, maola ngati 11 osatera paliponse. Pamodzi 9,500, osawerengera chapa (minibasi) ya ku Ulongue mpaka ku Tete.

Ya ku Lilongwe pa mapu imaoneka yanzeru. Malire a Calomue ali pakhomo, Dedza si kutali, ndipo pabwalo la ndege la Kamuzu amakulandira m'chilankhulo chako. Ine ndinakwera mpaka Addis Ababa, makilomita 2,600, kenako Roma, 4,500, n'kumalizira Lisboa, 1,850. Sakwana 9,000. Amene anandigulitsa tikiti anandiwerengera zimenezi pa foni yake, mtengo nawonso unali wotsikirapo, ine n'kugonja.

Chimene sanandiuze n'chakuti anali matikiti awiri osagwirizana. Yoyamba inathera ku Roma. Ndinatsika m'mawa ndili ndi tulo, ndikuganiza kuti mala (masutikesi) anga akunditsatira okha. Ayi ndithu. Ndinayenera kudinditsa pasipoti, popeza Italy ndi Portugal onse ali mu Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya osafunsana pasipoti pa malire awo, ndipo amakufunsa pamene walowera, kenako kukatenga mala awiri pa lamba wotulutsa katundu, n'kukaima pamzere wa kampani ina. Kumeneko anandiuza kuti tikiti yanga yachiwiri ndi ya kachikwama ka m'manja basi. Mala aliwonse ndi mtengo wake, wolipira mu ma euro, pompopompo.

Tangoganizani: mayi wamkulu ndagwada pansi pabwalo la ndege la eni, ndikumasula katundu amene amake aang'ono anamangira mwana, kusankha chosiya. Chipwitikizi changa sichinandithandize kwenikweni. Ndinalipira. Ndalama imene ndinasungira jekete lake la nyengo yozizira inathera pa kauntala imeneyo, ndipo phindu lonse la tikiti yotchipa linapita ndi mphepo. Ndinafika ku Lisboa tsiku lachiwiri litapendeka, miyendo itatupa.

Ya ku Maputo nayo ili ndi chake. Ukafuna mtendere umatsika tsiku limodzi ndege yaikulu isananyamuke, ndiye pamafunika pogona. Amene alibe m'bale kumeneko awerengere meticais ya pensão (nyumba ya alendo) ndi takisi. Koma ukangopereka mala pa Mavalane, bwalo la ndege la ku Maputo, umakawaonanso ku Lisboa. Chilankhulo n'chimodzi kuyambira ponyamuka mpaka pofika.

Zakudya za m'ndege? Zonse n'zofanana, tengani mtedza wanu.

Ine ku Lilongwe ndizipitabe kukagula zitenje, osati kukakwera ndege ya ku Ulaya. Mwina ndikukokomeza chifukwa cha jekete lija, ndikuvomera. Inu achimwene amene mukuumirirabe njira ya ku Addis Ababa, musanapereke ndalama funsani wogulitsayo ngati ulendo wonse uli pa nambala imodzi, ndipo akuonetseni pamene palembedwa kuti mala anu akatsikira kuti.